Mulekeni Esinati Akakwere Mphepo

Anzanga inu, Lamulungu lapitali kwathu kuno ku Khwethemule tinakangana, ndipo chotikanganitsa chinali mphepo!

Mdzukulu wanga Esinati, yemwe amaphunzitsa ku Bvumbwe, anabwera ndi chithunzi. Ndikuyang'ana: madzi, madzi, madzi osaoneka tsidya. Pakatipo mzimayi waima pathabwa, wagwira chinsalu chachitali ngati chitseko cha tchalitchi.

"Agogo, uku ndi kunyanja yamchere ku Mozambiki. Mphepo ikawomba chinsaluchi, thabwa limathamanga lokha. Aphunzitsi anzanga awiri akupita sukulu ikatsekera. Nane ndikufuna ndikaphunzire."

Atsibweni ake, mwana wanga Fuledi, anaseka mpaka kutsokomola. "Mphepo? Ukufuna mphepo iwe? Dikira chiperoni, ndidzakuimika pachitseko kuseri kwa fakitale ya tiyi uko, ikuuluze bwino!"

Atamaliza kuseka, nkhope gwa. "Tchuthi chimenecho tinachigawa kale. Sabata yoyamba tikumanga chiliza cha agogo ako aamuna. Yachiwiri ukadwazika amayi ako aang'ono ku Masambanjati, mwendo uja watupanso."

Esinati anangobweza chithunzi chija m'chikwama.

Tinachigawa kale! Mwawamva mawuwo? Ndi mmene timachitira ife kuno. Munthu akalandira tchuthi, mwiniwake amamva pomaliza. Abale takhala kale pansi, taduladula masiku ake ngati nyama ya paukwati: ili lamunda, ili ladenga la auje, ili lokapepesa maliro a chaka chatha. Akamabwerera kuntchito msana ukuwawa kuposa mmene anabwerera, ife m'manja: mwana waulemu!

Ine ndathyola tiyi mpaka zala kupindika, dengu kumsana, mvula pamutu, nyimbo pakamwa. Sindikudandaula ayi, ndinaimba ndipo ndikuimbabe! Koma tsiku langalanga, lodzuka n'kuufunsa mtima kuti lero ukufunanji, ndalifunafuna m'mutumu, silikupezeka.

Nanga malemu amuna anga? Bambo awo anachokera komweko ku Mozambiki, wapansi. Chiperoni chikayamba amuna angawo ankaima pakhomo n'kumanunkhiza: "Mphepo iyi yadutsa kwathu. Chaka chamawa ndikaiona nyanja ankasimba bambo ija." Nkhondo ya kumeneko inatha, njira inatseguka, tchuthi chinkabwera. Chaka china anakafolera nyumba ya mlamu wawo. China anakakumba chitsime cha mpingo. Chamawa, chamawa, mpaka tinawanyamula.

Ndiye ndinati, "Fuledi, bambo ako agona zaka zinayi opanda simenti, sanabwere kudzadandaula. Chiliza tidzamanga tchuthi chinacho. Wodwalayo ndinabereka ndine, ndikamudwazika ndekha."

"Amayi, anthu atinena! Nanga akakamira?"

Apo anandigwira, sindinama. Kunenedwa ndinazolowera, koma madzi ndimawaopa. Mtsinje ukangofika m'mawondo ndimaitana Yesu. Esinati anati amavala chovala choyandamitsa, wophunzitsa amakhala pomwepo, kungoti masiku oyamba munthu amangogwa, kugwa, kugwa.

"Ukagwe, mwana wanga," ndinatero. "Ukadzuke, ukagwenso. Bola ukagwera chomwe wachifuna wekha."

Fuledi mpaka lero akundipatsa moni wa m'mano. Esinati wakajambulitsa kale chithunzi cha pasipoti ku Limbe, ndipo ine ndamanga kathumba kanga ka ku Masambanjati, ndikuimba, ndikunjenjemera, ndikuimba.

Inu amene muli ndi mwana pantchito, tchuthi chake chikubwerachi, mwamusiyirako tsiku ngakhale limodzi?