Kutsanzika Ulendo wa ku Joni

Mwana wanga wamkazi anandiimbira foni kuchokera ku Joni tili mkati mopuntha mpunga. Anati, "Amayi, masiku akwana. Abambo akuno ali pamsewu ndi thiraki, sindikudziwa abwera liti. Ndili ndekha."

Inali mimba yake yoyamba. Kwathu kuno ku Domasi mwana wamkazi sachira yekha mayi ake ali moyo. Mayi amakhalapo, amasambitsa khanda, amadikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Pasipoti ndinali nayo, za basi mkamwini anali atakonza kale. Chinatsala ndi kutsanzika basi.

Ine ndine wamasiye, ndipo mwini mbumba ndi achimwene anga aakulu. Munthu sumangodzuka n'kuwoloka malire osakagwada kwa mwini mbumba, chifukwa zikakavuta uko adzafunsa kuti anakutuma ndani. Ndinawapeza pakhonde akusewera bawo ndi anzawo atatu. Nditangotchula Joni, bawo inaima, bwalo la mizinda n'kuyamba.

Wina anati ku Dar es Salaam kuli bwinoko, amangotsomphola foni, iwe n'kukusiya wamoyo. Wina, amene makolo ake anachokera ku Mozambique, anati ku Beira akuba alibe vuto, vuto ndi mafunso a pamsewu. Lusaka anaipatsa ulemu. Nairobi anaigwedezera mitu. Koma Joni onse anaiika pamwamba, ati kumeneko amakupha chifukwa cha nsapato. Achimwene anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa anthu akuthamangitsana ndi zikwanje. Achimwene anga omwewa, amene kutali kwawo ndi ku Limbe, komwenso anabwerako tsiku lomwelo.

"Achemwali, dikirani kaye," anatero. "Tikhale pansi ndi abale Loweruka."

Ndinadikira. Loweruka lija kunagwa maliro ku Malosa, anthu onse n'kupita komweko. Anati Loweruka linalo. Ndinadikiranso, ndipo ichi ndicho chimandiwawa mpaka lero, kuti ndinamvera. Mwana ankaimba tsiku ndi tsiku, ine n'kumamuuza kuti amalume ako akuganizabe.

Loweruka lachiwiri anasonkhanadi, ndipo chigamulo chinali chakuti ndisapite, mwanayo akachira adzabwere yekha. Pamenepo ulemu unandithera.

"Achimwene, mbuzi zanu zimagona kuti?" ndinafunsa.

Ndinadziyankha ndekha.

"Zimagona kuchipinda kwanu, pafupi ndi bedi. Khola lili gwaa panja, lopanda kanthu. Chimanga mumakolola chisanaume bwino, mukuopa a ku Joni? Nanga mlamu wanu, bambo a mwana ameneyu, anamumenyera kuti? Si pa njira iyi yochokera ku Songani, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha njinga? Kanema wake muli naye mufonimo?"

Azakhali ena anandigwira mkono kuti ndikhale pansi. Sindinakhale.

Kwathu ulendo salengeza. Munthu amanyamuka mwakachetechete, anansi n'kudzamva atafika kale, poopa a mtima wa njiru. Timaopa mizinda ya eni, koma tsiku lonyamuka timabisira munthu amene timapempha naye moto. Ine mawa lake, Lamulungu, ndinaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, n'kunena kuti Lachiwiri ndikupita ku Joni kukaona mwana, ofuna kundipempherera andipempherere. Achimwene anali pabenchi ya akulu ampingo, maso ali pansi. Lachiwiri ndinakwera minibasi pa Songani masana, chikwama pamutu, aliyense akuona.

Sindinganame kuti Joni ndi kumwamba. Ndinaopa. Mawindo onse zitsulo, zitseko ziwiriziwiri, foni amaibisa pachifuwa, ndipo moni wanga wa pamsewu palibe anauyankha. Koma chimene chinandigwetsa mphwayi si chimenecho. Nditalowa m'kachipinda ka mwana wanga ndinamupeza atakhala pamatiresi, khanda lili pabere. Anali atachira masiku asanu ndi limodzi apitawo. Sanandiuze pafoni, ati ankaopa kuti ndingalire njira yonse.

Amene anamuperekeza kuchipatala ndi mayi wina wa ku Zimbabwe wa chipinda choyandikana, wogulitsa masamba pamsika. Ndi yemweyo anasambitsa mdzukulu wanga madzi oyamba, n'kumuphikira mwana wanga phala. Mchombo unagwera m'manja mwake. Ndinamugwadira mayi ameneyo, munthu wosadziwa ngakhale dzina la mudzi wathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero ife, koma anachita ndi iye.

Tsiku lina tikuchapa matewera, anandifunsa kudzera mwa mwana wanga ngati sindiopa kubwerera ku Malawi. Ndinadabwa. Anati anaona kanema pafoni, gulu la anthu likugenda gogo wina pomuganizira ufiti, ndipo anamva kuti n'kwathu. Iye, ati, ku Blantyre sangapondeko, bola Joni amaidziwa njira zake. Ndinafuna kukwiya, kumuuza kuti ife ndi anthu aulemu, dziko lamtendere. Ndinangoseka, chifukwa nkhope yake inali ndendende ya achimwene pakhonde paja.

Ndinakhalako miyezi iwiri. Ndinkapita kumsika ndi mayi uja, iye patsogolo ine pambuyo, ndipo ndinaphunzira msewu woyenda ndi msewu wosayenda, monga momwe kwathu timadziwira mowolokera mtsinje wa Domasi nthawi ya dzinja. Pobwera mwana wanga anandipatsira mchombo uja, atamanga m'kansalu, kuti ukagone m'dothi la kwathu. Ndinaukwirira ndekha kuseri kwa nyumba, osauza munthu.

Achimwene anabwera kudzandilonjera, mtima uli m'mwamba kufuna nkhani.

"Mwabwerako bwino, achemwali? Sanakubereni kanthu?"

Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi akumwa, ulemu wonse ndinachita. Kenako ndinawayankha.

"Anandibera, achimwene. Mdzukulu wanga woyamba anasambitsidwa ndi mlendo, mwana wanga anamva zowawa akuitana ine, ine ndili pano kudikira Loweruka. Masabata awiri amenewo sadzabwereranso. Koma sanabe a ku Joni."

Sanamwe madzi aja.