Mlamba wa mu Umgeni wandiulula

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa, ngakhale malemu mkazi wanga. Ndiyambira pa nsomba chifukwa nsomba ilibe manyazi.

Loweruka lapitali ndinapita kukawedza ku mtsinje wa Umgeni, kumunsi kwa Hillcrest, ndi mnzanga Ngcobo. Ngcobo ndi Mzulu. Tinagwira limodzi ntchito yaulonda ku Westville mpaka maondo anatikana tonse awiri. Iye amandidziwa ngati munthu wa ku Limpopo, chifukwa ndi zomwe ndinamuuza tsiku loyamba, zaka zisanu zapitazo. Inde, ine amene ndimakulemberani Chichewa sabata ndi sabata, ine amene ndinaphunzira a-e-i-o-u ku sukulu ya kwacha ndili ndi imvi kale, pamsewu ndimasanduka munthu wa dziko lina.

Ngcobo amawedza nsomba zachikasu zamamba, nyambo yake ndi mkate. Ine ndimafuna mlamba, ndipo nyambo yanga ndi chiwindi cha nkhuku chogonetsa padzuwa masiku awiri. Tikakwera taxi nacho, anthu amatisiyira mpando wonse.

Tsidya linalo kunali mzungu ndi ndodo zitatu zonyezimira. Anakoka mlamba waukulu ngati ntchafu ya munthu wodya bwino. Anauyeza ndi tepi, anajambula nawo chithunzi, anaupsompsona pamphumi, kenako anaubwezera m'madzi mwaulemu ngati akuperekeza apongozi.

Tandiuzani inu. Munthu wadzuka m'mawa, wathira mafuta m'galimoto, wapsa ndi dzuwa, ndiwo yabwera yokha m'manja, iye n'kuitaya. Timupempherere kapena tipite naye kuchipatala?

Dzuwa litafika pamutu ndinali nditakoka milamba itatu yotalika ngati mkono.

"Taya njoka zakozo, madala," anatero Ngcobo m'Chizulu. "Chinthu cha ndevu ngati mneneri, chopanda mamba, ungachiike m'kamwa?"

Manja anga anali atayamba kale ntchito osandifunsa. Ndinatumbula, ndinatsuka, ndinapinda uliwonse mchira kufika kumutu, n'kubaya ndi kamtengo kuti ukhale nkhata. Ndinatola chidutswa cha waya wa mpanda, ndinakoleza moto, n'kuikapo masamba aawisi kuti utsi uchuluke. Umu ndi momwe tinkawambira kwathu ku Chilwa ndisanadziwe n'komwe kuti kuli Durban.

Pomwepo panadutsa bambo wina wa ovolosi yopaka simenti. Anaima. Sanayang'ane ine, anayang'ana wayayo.

"Mlamba wopinda chonchi ndinauona komaliza pamsika wa ku Zomba," anatero m'Chichewa chopanda chilema. "Muli bwanji, madala? Kumudzi n'kuti?"

Mukudziwa zomwe ndinachita? Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Angizwa, mfowethu." Sindikumva, m'bale wanga. M'Chizulu.

Bamboyo anayang'ananso milamba ija, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa, anapepesa m'Chizulu chake chothyokathyoka, n'kumapita.

Ngcobo anaseka mpaka kutsokomola.

"Madala, ukubisira ndani? Ine?"

"Ndikubisa chiyani?"

"Nsomba ikakudyera nyambo umatukwana. Zaka zisanu ndikumva. Mlamu wanga ndi wa ku Limpopo, ndinamuyeserera mawu ako, anati kwawo kulibe zotukwana zokoma choncho."

"Nanga osandifunsa bwanji?"

"Ndimati mwina unathawa mkazi." Anaponyanso mbedza yake. "Usadandaule. Iwe ndiwe wabwino, si ngati enawo."

Enawo. Anaunena mawuwo mwachikondi, mkate uli m'kamwa. Ine ndinamva ngati munga wa mlamba walowa m'chikhatho.

Tonse timachita zimenezi, tisanamizane. Foni ikalira mu taxi, mayi ako akuimba kuchokera ku Mulanje, umayankha kuti "yebo, yebo, sharp" ngati ukulankhula ndi foromani. Mayi wovala chitenje kunyumba amachipinda n'kuchiika pansi pa chikwama asanafike pa Musgrave. Amuna awiri a mudzi umodzi amakhala mpando umodzi kuchokera ku Pinetown mpaka m'tauni akuyang'ana mazenera osiyana. Sindikunyoza. Mantha athu si ongopeka, tinawaona ndi maso. Koma pali kubisa lilime kuti upulumuke, ndiye pali kubisa lilime pamene mnzako akukuitana.

Tsopano ndafika pamene ndimazemba.

Nditangofika mumzinda uno ndinalibe pogona. Anandisunga ndi telala wina wachisilamu wa ku Mangochi, a Yusufu, munthu amene sindinkamudziwa. Miyezi inayi ndinagona pansi pa tebulo lawo lodulirapo nsalu. Ntchito yoyamba ya m'dimba ku Westville anandipezera ndi iwo.

Chaka cha zipolowe zothamangitsa alendo zija, 2008, tinali pamzere umodzi wodikira taxi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo anthu asanu. Panabwera gulu la anthu ndi zibonga, akufunsa aliyense kwawo. A Yusufu Chizulu chinawakana kuyambira kale. Atawakoka pamzere anatembenuka, anandiona.

"Achimwene, auzeni kuti mumandidziwa."

Mmodzi wa anthu aja anandifunsa ngati ndi m'bale wanga. Ndinayankha mawu omwe aja ndinayankha Lowerukali kumtsinje. Taxi inabwera, ndinakwera, ndinapeza mpando wapazenera.

Sanafe. Anawathyola dzanja lamanja, zala zitatu sizipindanso. Akusokabe pakhonde lina pafupi ndi msika wa Warwick. Ndikudziwa chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuzungulira njira yaitali kuti ndisadutse pamenepo, ndi maondo angawa.

Ndadziuza kambirimbiri kuti ndikadayankha akadatimenya tonse awiri. Mwina ndi zoona. Koma Loweruka panalibe chibonga. Panali Ngcobo ndi mkate wake, mzungu wopsompsona nsomba, ndi munthu wotopa amene anangofuna kumva kuti "ndili bwino, kaya inu". Ndinamumana. Ndiye kuti si manthanso amenewo. Ndi chizolowezi. Kodi ndi angati mwa ife amene tikuthawabe anthu amene anasiya kale kutithamangitsa, n'kumaponda anzathu pothawapo?

Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinakulunga mlamba wonenepa kwambiri m'nyuzipepala, ndinakwera taxi ya m'tauni, ndinatsika pa Warwick n'kudutsa njira yaifupi.

Anali pomwepo, akukankha nsalu pamakina ndi dzanja lamanzere. Akalamba. Ndinaima patsogolo pawo ngati mwana wa sukulu wochedwa, chipewa m'manja.

"A Yusufu, ndine Likoswe. Ndimakudziwani."

Makina anaima. Anandiyang'ana. Kenako anatambasula nyuzipepala ija ndi zala ziwiri zomwe zimagwira, ananunkhiza, anakwinya mphuno.

"Zaka zonsezi, a Likoswe, ndiye mwabwera ndi nsomba yomwe ine sindidya?"

Ndinali nditaiwala. Miyezi inayi m'nyumba mwawo, ndinali nditaiwala kuti pa Chisilamu chawo sadya mlamba.

Sanamwetulire. Anangochotsa mulu wa mathalauza pa benchi ndi chigongono.

Ndinakhala pansi.