Nyimbo za Rahma Zinawoloka Msewu Popanda Waya

Tsiku limene lole ya nsomba inakoka waya wa disiko pa msewu wa ku Chowe, Rahma anangoima atagwira pakamwa. Wayayo anayala ndi iyeyo, kuchokera pa mikisa ya DJ mpaka pa sipika imene inali kutsidya kwa msewu, kumene amayi ankavinira. Lole inakola wayayo, sipika n'kugwa chafufumimba pamaso pa anthu onse a pa ukwati.

Mwini disikoyo sanafune kumva zambiri. Anamuuza kuti ntchito yatha, n'kuwonjezera kuti analakwitsa kulemba munthu wamkazi.

Inu amene mukuona ngati zanu zavuta, tamverani za mtsikanayu. Mayeso a Fomu 4 anamukana kawiri. Bambo wa mwana wake anapita ku Joni, ndipo foni yake inasiya kugwira mwanayo asanamere mano. Chimene Rahma anatsala nacho padziko ndi Esime, kamtsikana kake ka zaka zitatu.

Malume ake, Che Jaffalie, ndi amene ankayang'anira mbumba yonse chimwalirireni mayi ake a Rahma. Musawaganizire molakwa, sanali munthu woipa, koma anali atatopa. Anapeza munthu wotumiza atsikana kukagwira ntchito za m'nyumba kunja kwa dziko, ndipo anamujambulitsa Rahma pasipoti. Esime anayenera kutsala ndi abale.

“Amjomba, mwanayu ndimusiya bwanji?” anafunsa Rahma.

“Undionetse ntchito yodyetsa mwana konkuno pasipoti isanatuluke,” anayankha Che Jaffalie. “Ukandionetsa, supita.”

Mumsika wa Mangochi munali a Tikhala, bambo wa ku Malindi wokonza mawailesi. Rahma anawapempha kuti azisesa pamalo pawo, iwo azimulola kuona mmene amagwirira ntchito. M'mawa ankagulitsa mandazi, masana ali pa benchi, Esime akusewera ndi mabatani akale pansi pa tebulo.

Tsiku lina akusesa anapeza katoni ya zipangizo zakale zimene a Tikhala anagula ku malo ena ogona alendo cha ku Makokola. Munali timabokosi tiwiri takuda, kalikonse ndi kamlongoti kake. A Tikhala anamufotokozera kuti kamodzi umakalumikiza ku mikisa, ndipo kamaponya nyimbo mumlengalenga ngati mmene imachitira wailesi. Kachiwiri umakalumikiza ku sipika imene ili patali, ndipo kamalandira nyimbozo. Waya pakati palibe. Vuto linali lakuti kotumizako kanali kakufa.

Rahma ankawadziwa maukwati a kwathu kuno kuposa wina aliyense. Mabanja ambiri a Chisilamu amakhazika abambo kwina, amayi kwina, ndipo DJ wamwamuna salowa kumene kuli amayi. Motero amayi, amene ndiwo eni ake kuvina, ankangodalira waya wautali wopunthwitsa anthu. Apo ayi, ankabwereka disiko yachiwiri, ndiye nyimbo ziwiri zinkalimbana ngati atambala.

Anapempha kuti akonze kabokosiko yekha. A Tikhala anaseka, koma anamupatsa chowotcherera. Zala zinatuluka matuza, ndipo kawiri konse anapsereza chimene sichinalakwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Masana ena kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo sipika imene inali panja pa shopu inayamba kuimba yokha, mpaka amayi ogulitsa tomato anaimirira kuti aone.

Anakayesa pa bwalo la mpira popanda anthu, mikisa ku golo ili, sipika ku golo linalo. Mawu anamveka bwinobwino. A Tikhala anamubwereka mikisa yakale ndi masipika awiri, ndipo Rahma anapeza ntchito yake yoyamba pa chinkhoswe cha mnzake.

Apa ndiye pamene ambiri a ife tikanasiyira. Anthu atadzaza n'kuyamba kuvina, sipika yakutali inayamba chibwibwi. Inkaimba mawu awiri, n'kukhala chete, n'kuyambiranso. Anyamata ena anafunsa ngati DJ-yo akufuna amuthandize kuimba pakamwa. Nkhani inafika kwa Che Jaffalie tsiku lomwelo, ndipo sabata yomweyo Rahma anamva kuti pasipoti yatsala pang'ono kutuluka.

Rahma analira, osati pang'ono. Ankamuyang'ana Esime akudya n'kumaganiza kuti mwanayu adzayamba sukulu mayi ake ali kukolopa m'nyumba ya eni kutali. Koma atapukuta misozi anadzifunsa funso limodzi: n'chiyani chinali pa chinkhoswe chimene pa bwalo la mpira panalibe? Yankho linali anthu. Timabokosi tija anatiika pansi, ndipo matupi a ovina ankatchinga njira.

Anapita kunyanja n'kupempha nsungwi ziwiri zazitali kwa amayi oyanika usipa pa thandala. Anamangirira kabokosi kalikonse pamwamba pa nsungwi kuti tizionana pamwamba pa mitu ya anthu. Ulendo uno sanayesere pa bwalo lopanda kanthu. Anayesera mumsika pa tsiku la anthu ambiri, akusuntha nsungwi uku ndi uku, ena akumuseka kuti akuwedza nsomba mumlengalenga. Anaphunzira kuti mpanda wa malata ndi mdani, kuti mtengo wa mlambe suloleza kanthu kudutsa, ndiponso kuti batire lofooka limanamiza.

Mmodzi mwa amene ankamuona anali Mayi Mwanabibi, mayi wa bizinesi ya nsomba, wosabisa mawu. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo anali ndi vuto. Abambo akakhala pa bwalo la pafupi ndi mzikiti, amayi kutsidya kwa msewu. Koma shehe wa pamalopo anali ataletsa nyimbo, chifukwa pa ukwati wapitawo disiko ya amayi inapitiriza kulira nthawi yoitanira mapemphero, anthu osamva.

Rahma anapita ndi mayiwo kwa shehe. Anafotokoza mwaulemu kuti nyimbo za mbali zonse ziwiri zizichokera pa mikisa imodzi, ndipo akatsitsa batani limodzi konse kukhala zii. Shehe anavomera. Anamuchenjeza kuti akaphonya, pamudzipo sipadzaliranso disiko.

Tsiku la ukwati Rahma anakhala ndi mikisa yake pakati pa amayi, atavala hijabu yake yabwino. Nsungwi imodzi inaima pambali pake, ina kutsidya kwa msewu kumene kunali abambo. Pakati pa abambowo panali Che Jaffalie, pasipoti yatsopano ili m'thumba la mkanjo wawo. Anabwera kudzaona ndi maso awo.

Nyimbo zinayamba. Malole anadutsa, njinga za kabaza zinadutsa, ng'ombe nazo zinadutsa, koma sipika ya kutsidya sinakhosomole n'kamodzi komwe. Amayi anavina mpaka fumbi kobo. Abambo ena anayamba kuzungulira sipika kufunafuna waya, n'kumakanda mchenga ndi mapazi, osapeza kanthu.

Kuvina kutafika pachimake, mkwatibwi ali pakati, Rahma anali ndi khutu limodzi ku nyimbo, lina ku mzikiti. Mawu oyamba oitanira mapemphero a masana atangomveka, anatsitsa batani. Mbali zonse ziwiri zinakhala chete nthawi imodzi. Kuitanako kunamveka mudzi wonse, ndipo shehe anagwedeza mutu movomereza akulowa mumzikiti.

Mapemphero atatha, Mayi Mwanabibi anatenga maikolofoni kuti athokoze alendo. Mawu awo anawoloka msewu n'kukafika kwa abambo.

“Inu abambo, musafunefune waya, kulibe. Ntchito mukumvayi ndi ya mwana wathu Rahma, mbumba ya Che Jaffalie. Amene muli ndi ana oti akwatiwe, muyambiretu kumupeza.”

Abambo onse anatembenuka kuyang'ana Che Jaffalie. Akuluwo anakonza kofia yawo, n'kukhala mowongoka ngati ndi iwo anamanga nsungwizo. Tisawanene, aliyense akanatero.

Anthu akubalalika, Che Jaffalie anaima m'mphepete mwa msewu n'kutumiza uthenga kuti Rahma abwere. Rahma anabwera atabereka Esime. Che Jaffalie anatulutsa pasipoti n'kumupatsa m'manja.

“Isunge bwino,” anatero. “Udzapitira kukagula makina ena. Mwanayu akulire pamsana pa mayi ake.”

Lero Rahma ali ndi zipangizo zakezake, ndipo amaitanidwa ku Chowe, ku Malindi mpaka ku Makokola, pa maukwati, pa misonkhano ngakhale pa zochitika za matchalitchi. Waphunzitsa atsikana ena ntchitoyi. Koma mukamufunsa chimene amanyadira kwambiri, satchula masipika. Amati m'mawa uliwonse ndi iye amene amaperekeza Esime kusukulu. Ine wolemba nkhaniyi ndimamunyadira mtsikanayu, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tsono inu amene mwayesa kamodzi anthu n'kukusekani, musathamangire kunena kuti mutu wanu ndi wouma. Khalani pansi mufunse chimene chatchinga njira, mukachipeza muyesenso pamaso pa anthu omwewo. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa pali wina amene akudalira kuti inu musagonje.