Filimu ya Bambo pa Pulazima

Monita ya amalume inali yotuwa, ya msana wotupa ngati dzungu, ndipo pamwamba pake panali chidindo cha kapu ya tiyi chimene sichinkachoka ngakhale mutapukuta bwanji. Inkakhala m'kachipinda kawo pamsika wa kwathu ku Bowe, momwe ankabenera anthu nyimbo pa madiski ndi kukonza mafilimu a maukwati. Ikayamba kuthwanimathwanima ankaipatsa khofi kumbali, iyo n'kudzidzimuka. Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti kukonza kompyuta n'komweko.

Nthawi imeneyo bambo anali ku Joni. Anapita mlongo wanga ali m'mimba, ndipo tsopano mwanayo anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo, bambo ake osamuonapo. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, ndipo anatitumizira wailesi yakanema yaikulu, yopyapyala, imene aliyense ankaitcha pulazima. Kenaka mafoni anayamba kutalikirana, mpaka mayi anasiya kutenga foni popita kudimba. Ndiye mwana wa aphunzitsi athu, amene ankayendetsa thiraki ya ku Joni, atabwera kudzaona makolo ake, mayi anapeza nzeru. Amalume atijambule filimu, dalaivalayo akaipereke kwa bambo pamanja. "Akangoona ana ake, Khirisimasi ino abwera," ankatero mayi, ndipo ine mawuwo ndinawameza onse.

Inali nyengo yachisanu, mtedza utakumbidwa, mphepo ya mwera ikung'amba milomo. Tsiku lojambula mayi anatidzola mafuta mpaka miyendo kuwala, ndipo tisanafike n'kuseri kwa nyumba fumbi lonse linali litatikakamira. Ine ndinaimba nyimbo ya kusukulu, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. Mlongo wanga anakana kuyang'ana kamera, analira, kenaka anaona mbuzi n'kuiyamba liwiro mpaka kugwa chafufumimba. Pomaliza mayi anavala bulauzi yawo ya pa zikondwerero za kutchalitchi, n'kukaima pafupi ndi mulu wa mtedza, mapiri a ku Ntchisi ali buluu kumbuyo kwawo. Ife anatituma kumjigo kuti tisamve zimene ankanena.

Monita ija inasankha sabata yomweyo kuti ife. Amalume anati chithunzi chinayamba kufiira, n'kufinyika kukhala kamzere kamodzi, kenaka kunamveka fungo la waya wopsa. Anaipatsa makofi onse amene ankawadziwa. Anaikweza pa njinga mpaka ku Dowa Boma, koma wokonza anangoinunkhiza n'kunena kuti ina akaifune ku Lilongwe. Nthawi panalibe. Dalaivala uja ankanyamuka kumapeto kwa sabata, ndipo filimu yathu inali m'mimba mwa kompyuta, yosadula, yosalumikiza, popanda diso loionera.

Ndimakumbukira amalume akufika pakhomo, bokosi la kompyuta atalimanga pa kaliyala ndi mphira wa chubu, m'khosi atakoloweka chingwe cha mitu ya buluu. Anatembenuza pulazima yathu n'kuyamba kuipapasa kumsana ngati munthu wofuna kugula mbuzi. Atapeza kabowo koyenera anamanga timasikuluwu tiwiri, n'kudinadina rimoti. Kwa kanthawi inangolemba Chingelezi chokana. Kenaka mwadzidzidzi kompyuta yonse inatulukira pakhoma, kamuvi kolozera katakula ngati chala cha munthu wamkulu, m'mbali mwake modukaduka. Amalume anaomba m'manja okha n'kunena kuti, "Monita ndi dzina chabe."

Chimene sanachiganizire n'chakuti kwathu pulazima ikayaka chitseko sichitsekedwa. Chibwerere chake, anthu ankadzaonera mpira ndi mafilimu a ku Nigeria, ndipo munthu amene wakhala kale pamphasa sungamuuze kuti atuluke. Anthu atamva kuti yayaka, pabalaza panadzaza. "Iyitu ndi ntchito, si mpira," anadandaula amalume, koma ankalankhula ndi mphepo. Azimayi a m'mudzi anabwera ndi malichero awo a mtedza woti aziswa, ana anadzazana pansi, aphunzitsi ndi akazi awo anapatsidwa mipando.

Masiku amenewo ndimawasowa, ndinene zoona. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga osayang'ana kumbuyo, n'kupeza pabalaza pali fungo la mbatata yootcha ndi fumbi la makoko a mtedza, kompyuta ikung'ung'udza pansi pa tebulo. Pakhoma panali ine. Ine ndithu, mwana wa m'mudzi, pamalo pomwe pankaoneka osewera mpira a kunja! Anzanga ankati ndikuimba ngati ndameza ndodo, koma pa nthawi yopuma aliyense ankafuna kukhala pafupi nane. Pogwa mlongo wanga paja anthu ankakuwa kuti, "Bwezeraninso!" ndipo amalume ankabwezadi, mwana n'kudzuka chammbuyo, mbuzi n'kubwerera chammbuyo, nyumba yonse n'kufa ndi phwete. Aliyense anasanduka katswiri. Uyu akuti dulani apa, uyo akuti nkhokwe yanga yaoneka mokhota. Lero ndimagwira ntchito pa kompyuta ya ine ndekha, yowala bwino, koma palibe amene amaseka kumbuyo kwanga.

Gawo la mayi amalume ankangolidumpha. Ankafuna kulikonza popanda anthu, koma magetsi a nyengo imeneyo ankabwera masana okha, ndipo akabwera ankabwera ndi mudzi wonse. Tsiku lomaliza linafika, anthu atakhala kale pakhonde kudikirira. Amalume anayang'ana mayi. Mayi anayang'ana anthuwo, n'kugwedeza mutu kuti yatsani.

Nkhope yawo inadzaza khoma. Ndinali ndisanawaonepo chonchija, ndipo ndinanyada kuti mayi anga ndi okongola kuposa azimayi a m'mafilimu. Ankakonzakonza duku, akuseka mwamanyazi ngati mtsikana. "Abambo, mtedza wachita bwino chaka chino," ankatero pakhomapo. "Denga ndakonzetsa, silikudonthanso. Jekete lanu lija ndimaliyanika kuti lisachite nkhungu. Kunotu kukuzizira." Ndinamva kuti malichero onse angoti zii, palibe khoko limene linasweka.

Amene analankhula anali akazi a aphunzitsi, mayi ake a dalaivala uja, ndipo analankhula motsitsa, mopanda chipongwe. "Amake mwana, mwalankhula bwino. Komatu kumeneko nakonso pulazima ili pabalaza. Rimoti simukudziwa amene amaigwira." Aphunzitsi anatsokomola n'kuuza ana kuti aliyense akatsekere mbuzi, ngakhale dzuwa linali lidakali m'mwamba. Ine ndinakakamira mwendo wa tebulo, poti nyumba inali yathu.

Mayi anayang'ana nkhope yawo imene amalume anaiimitsa pakamwa pali potsekula pang'ono. Kenaka anati, "Achimwene, ndichotsenimo. Musiye ana okha."

"Zonse, achemwali?"

"Zonse."

Amalume anadina, ndipo bulauzi, duku ndi mapiri a ku Ntchisi zinazimiririka. Anafufuza paliponse pamene mayi anadutsa, ngakhale patali, n'kudula. Panatsala malo amodzi. Mlongo wanga anali ataimirira akufwenthera, ndipo paphewa pake panali dzanja la mayi lochokera m'mbali mwa chithunzi, zikhadabo zili ndi dothi la kumunda. Amalume anati dzanjalo silingachoke popanda kudula mwana yemwe. "Lisiyeni," anatero mayi. "Ndani alizindikire?"

Ine ndinasangalala, chifukwa filimu itafupika amalume anaika nyimbo yanga kawiri, koyambirira ndi kothera. Anaibena pa diski, dalaivala anaiika m'thumba la jekete, thiraki n'kupita. Kompyuta inabwerera kumsika amalume atapeza monita ina, ndipo pakhoma pathu panabwereranso mpira.

Khirisimasi inafika, bambo sanabwere. Koma foni inalira. Bambo anafunsa za ine, nandiuza kuti filimu anaionera mpaka kumapeto, kuti ndimaimba bwino, n'kufunsa kuti mlongo wanga amavala nsapato yaikulu bwanji. Kumbuyo kwawo kunkamveka mbale zikutsukidwa. Ndinalumphalumpha pabwalo, foni ili kukhutu, n'kumakuwira mayi kuti nzeru yawo yagwira ntchito. Iwo anali pakhonde akusankha mbewu ya mtedza yobwezera m'mapando ofa, ndipo sanatambasule dzanja kuti alandire foniyo.

Ndinkaganiza kuti mayi anadzichotsa mufilimu chifukwa cha manyazi a anthu, kapena poti duku linakhota. Sindinkadziwa kuti ku Joni kunali mkazi wina, ndiponso kuti pabalaza paja onse ankadziwa kupatula ine ndi mlongo wanga. Sindikanamvetsa kuti masana aja mayi anasiya kuitana mwamuna wawo, n'kukonza filimu imene mkazi mnzawo angailole kuti ifike kumapeto, kuti bambo athu aone nkhope zathu.