Mapeto Amene Ndinasintha

Lamuloli analiika ndi mkazi wanga: pakhomo pathu sitinkaonera filimu yochokera m'buku tisanamalize bukulo. Tikamaliza, Loweruka madzulo tinkakazinga mbuliwuli n'kuionera, kenaka mwana wathu wamkazi ankatchula zonse zimene filimu yalakwitsa. Chilichonse chimene watchula, mayi ake ankatsegula buku kuti titsimikize. Mwanayo ankakonda gawo limeneli kuposa filimu yeniyeniyo.

Buku lomaliza mkazi wanga analiyamba m'nyengo yamvula. Linali la Chingerezi, choncho ankawerenga chiganizo n'kuchimasulira m'Chinyanja chathu cha m'tauni. Linkanena za mtsikana amene mayi ake anasandutsidwa mtengo ndi mfumu ya mphepo, ndipo anauzidwa kuti akatunge madzi m'zitsime zisanu ndi ziwiri adzauthirire. Powerengapo, mkazi wanga anafika pa chitsime chachinayi. Analowa m'chipatala, ndipo patatha milungu itatu tinamuika m'manda.

Ndinapitiriza ndine. Mutu womaliza ndinayamba ndauwerenga ndekha kuntchito, kuhotela ina ya kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya kumene ndimalandira alendo. Mtsikanayo amathira madzi onse, mtengo umachita maluwa, koma umakhalabe mtengo. Madzulo ake ndinakhala pabedi la mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, buku lili chitsegulire, n'kunena kuti khungwa linang'ambika ndipo mayi uja anatuluka wamoyo. Mwana anagona bwino tsiku limenelo. Za filimu sindinaziganizire.

Apongozi anga, mayi a malemuyo, anafika Lachinayi kuchokera ku Kalomo. Kwa Atonga mwana ndi wa kuchimayi, ndipo kwathu ku Chipata nakonso n'chimodzimodzi, motero ndinalibe pogwira. Pamaliro tinagwirizana kuti mwana ayambe wamaliza temu ya sukulu, nkhani yake tidzaikambe pambuyo. Temu inali itatha. Anabwera ndi zikwama ziwiri, china chopanda kanthu.

"Apongozi," anatero ali chiyang'anire pansi, monga mwa ulemu wapakati pathu, "mwana mkazi afuna munthu wamkazi pafupi. Imwe nchito yanu ni ya mashifiti. Nizaona mwamene mukhalila, pa Sande tizakamba."

Ndinayankha kuti ndamva.

Loweruka mwana anadzuka ndi nkhani ya filimu. Ndinati fulashi imene mayi ake anasungamo mafilimu yasowa. Anakaitulutsa m'kabati, m'kapu imene sitimwera. Ndinadalira magetsi, popeza kudera lathu la Nottie Broadie mlungu wonsewo ankazima dzuwa likamalowa. Tsiku limenelo sanazime.

Apongozi anayala chitenje pansi pafupi ndi chitseko. Ine ndinakhala pampando wakutali nawo, mwana pakati pathu ndi mbale ya mbuliwuli. Rimoti inali m'dzanja langa.

"Ba mbuya, muziona bwino," mwana analangiza agogo akewo. "Filimu imanama maningi. Ise tizaigwila."

Sipanapite nthawi, anagwira choyamba. Galu wa mtsikanayo anali wakuda, pamene m'buku ndi wofiirira. Anapinda chala chimodzi. Mfumu ya mphepo itatulukira, apongozi anatsonya.

"Iyi ni mfiti chabe. Mfumu ya bwanji ilibe na nsapato?"

Mwana anaseka mpaka mbuliwuli zinatayikira pansi. Kanali koyamba kumumva akuseka chonchi chimwalirire mayi ake, ndipo ndinaona kuti apongozi nawo akumva. Ine ndinkangowerenga zitsime. Chachitatu. Chachinayi, pamene mawu a mkazi wanga anathera. Ndinaganiza zotuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, ndikazimitse magetsi pa mita. Ndinafika poimirira ndithu.

"Ba dadi, nkhalani! Muzaphonya."

Ndinakhala. Chala changa chinali pa batani lozimitsira, koma sindinadine. Ndikanadina, akanafunsa chifukwa, pamaso pa agogo ake.

Mtsikana wa m'filimu anathira madzi a chitsime chomaliza. Mwana wanga anagwada, n'kugwira mkono wa agogo ake.

"Onani manje, ba mbuya. Onani, bazachoka mu mtengo."

Maluwa oyera anatuluka m'nthambi zonse. Mtsikanayo anakumbatira thunthu. Panapita kanthawi, kenaka anatola ndowa yake n'kumabwerera kwawo yekha ndi galu uja. Mayina a ochita filimu anayamba kukwera pagalasi.

Mwana anadikira mpaka mayina onse atatha. Anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Yanama. Iyi ndiye yaikulu. Ba dadi, bauzeni ba mbuya mwamene inasilila zoona."

Anathamangira kuchipinda, nabwera ndi buku, n'kuliika pamiyendo panga. Linali lamulo la mayi ake: tatchula cholakwika, titsegule buku.

Njira yothawira inalipo. Apongozi sawerenga Chingerezi, ndipo mwana anali asanafike powerenga buku lotere payekha. Ndikanabwereza bodza lija, iye akanapinda chala china, tonse n'kukagona mumtendere. Ndikananena zoona, akanalira pamaso pa munthu amene wabwera kudzaona ngati ndingathe kumulera, ndipo akanadziwa kuti bambo ake amunamiza. Koma ndinaonanso tsiku lina kutsogolo, mwina ku Kalomo, iye atakula pang'ono, akutsegula yekha tsamba limeneli ine kulibe.

Nditadzutsa mutu ndinapeza apongozi akundiyang'ana m'maso. Chikwatire mwana wawo anali asanachitepo zimenezi.

"Belengani vamene vinalembewa," anatero.

Ndinawerenga chiganizo chilichonse m'Chingerezi n'kuchimasulira, monga ankachitira mayi ake. Maluwa. Thunthu. Ndowa. Nditafika kumapeto ndinatseka buku.

"Filimu siinaname," ndinatero. "Ninanama ndine."

"Chifukwa?" anafunsa mwana.

"Ninayopa."

Anandilanda bukulo n'kundimenya nalo pabondo kawiri. Sikunapweteke. Kenaka anapita kwa agogo ake, nabisa nkhope m'chitenje chawo, n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Apongozi ankamusisita pamsana akumulankhula m'Chitonga chapansipansi. Ine ndinatola mbuliwuli zotayika imodziimodzi, n'kukatsuka mbale. Kuchokera kukhitchini ndinkaona chikwama chopanda kanthu chija chili pakhonde lamkati. Ndinadziwa kuti mawa chidzadzaza.

Mwana anagona ndi agogo ake tsiku limenelo.

M'mawa, tisanapite kutchalitchi, ndinawapeza onse awiri pakhonde. Chakum'mwera utsi wa mathithi unkaoneka pamwamba pa mitengo. Mwana anali ndi buku lija. Sanandipatse moni.

"Muyambilenso pa chisime cha namba folo," anatero. "Pamene banasiyila ba mami. Kapena munanama na kwinangu."

"Kwinangu sininaname."

"Nizaona neka. Muzibelenga na chala pa mau, nizilondola."

Apongozi anafunsa kuti kuchokera pamenepo kufika kumapeto ndi masiku angati. Ndinati tikamawerenga mutu umodzi patsiku, ndi milungu iwiri ndi masiku angapo. Apongozi anabwezanso maso pansi ngati kale.

"Basi yanga ni ya masana," anatero. "Buku siingasile lelo."

Tinawaperekeza kokwerera mabasi titaweruka kutchalitchi. Chikwama chopanda kanthu anachipinda n'kuchilowetsa m'chinzake. Ali pakhomo la basi anandiuza kuti adzabweranso temu ikubwerayi ikatha, ndipo nkhani ija sinathe. Ndinayankha kuti ndamva.

Pobwerera mwana anayenda patsogolo panga njira yonse, osandigwira dzanja. Madzulo anabweretsa buku, nakhala kumapeto kwenikweni kwa bedi. Ndinaika chala pa liwu loyamba la chitsime chachinayi. Anasendera pafupi kuti aone bwino.