Pa Chipilala cha Wogulitsa Mapulogalamu

Agogo anga aamuna akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo: fungo la pepala losalala longochokera kosindikiza, losakanikirana ndi la mafuta a bulugamu amene ankadzola pachifuwa kuzizira kukayamba. Tinkakhala atatu, iwo, amayi ndi ine, pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana ku North York, kuno kunja kwa dziko lathu, kumene mphepo inkalira m'mazenera ngati wofedwa ndipo mapaipi otenthetsa nyumba ankagogoda okha. Pansi pa bedi lawo panali katoni ya mapulogalamu a mpira, timabuku ta masamba ochepa timene ankagulitsa pa chipata tsiku la masewera, tokhala ndi mayina a osewera, manambala awo ndi zithunzi. Ena anabwera nawo kuchokera ku Blantyre, ofiirira ndi fumbi lakwathu, ena anagula konkuno. Loweruka m'mawa ankawayala pabedi, magalasi ali pamphuno, akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi, ine ndikukolopa pansi ndi kudumpha mapazi awo.

"Mpira wopanda pulogalamu ndi mapemphero opanda buku la nyimbo," ankatero. "Umangoyasamula, osadziwa chimene ukuyimba."

Amayi anawaitanitsa kuno agogo aakazi atamwalira. Popeza amayi anali namwino wa mashifiti, amene anandilera kwenikweni ndi agogo, ndipo Chichewa chimene ndikulembachi ndi chawo. Ankanditcha "akazi anga", monga agogo akwathu amachezera ndi adzukulu awo. Tsiku loyamba kunditengera ku bwalo la mpira la kufupi ndi nyanja, tisanalowe, anandiimika pa chipilala cha simenti kunja kwa chipata. Pamenepo panali bambo wina wachikulire wa chipewa chofiira, chikwama pamimba, atakweza pulogalamu pamwamba pa mutu wake akuitana ogula.

"Akazi anga, tamverani pangano," anatero agogo. "Tikasiyana m'chikhamumu, musathamange uku ndi uku. Bwerani pa wogulitsa mapulogalamu. Ine mudzandipeza pompano. Mayi anu ndinawalera ndi lamulo lomweli, ndipo sanatayikepo."

Ndili ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi, mutu wa agogo unayamba kuchita mdima pang'onopang'ono. Ketulo tinaipeza m'filiji. Pa pemphero la chakudya ankaima pakati, kufunafuna mawu amene anawanena moyo wawo wonse. Chingerezi chawo cha mu ofesi chinayamba kuyoyoka ngati masamba. Tsiku lina ndinamva amayi akulankhula pafoni m'khitchini ndi mnzawo wa kutchalitchi, motsitsa mawu: "Adokotala ati akangosochera panja kamodzi kokha, basi, apite kunyumba yosungira okalamba." Nyumba yoteroyo ndinkaidziwa, chifukwa tinakayimbako ndi kwaya ya ana. Ndinkakumbukira fungo la mankhwala otsukira pansi, ndi nkhalamba zoyang'ana khoma, popanda ndi mmodzi yemwe woti n'kuwayankha agogo akati "Mwadzuka bwanji?" Kuchokera tsiku limenelo mantha anamanga msasa mwa ine.

Loweruka lina, masamba atathothoka m'mitengo, agogo anavala jekete lawo lalikulu m'mawa ndi kukhala pampando wa pakhomo, osafuna kumva china. Munthu wina wa kutchalitchi anali atatipatsa matikiti awiri a mpira. Amayi anali atavala kale yunifolomu.

"Bambo, kunjaku kukuzizira. Bwanji muonere pa TV?"

"Iwe Enelesi, ine ndinakuyendetsa m'chinamtindi cha anthu usanadziwe kupukuta mamina. Lero ukufuna kundimangirira ngati mbuzi?"

Amayi anaseka, koma m'maso mwawo munalibe chiseko. Anandikokera pambali. "Tiyamike, usawasiye dzanja. Ngakhale akukalipire. Wamva?"

Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka, kenako basi, dzanja lawo lili m'langa. Titafika, mphepo ya kunyanja inkabaya m'makutu, ng'oma za ochemerera zikugunda, fungo la soseji wowotcha ndi anyezi lili ponseponse. Koma pa chipilala panalibe munthu. Agogo anazungulira chipilalacho, n'kuzunguliranso. Ndinafunsa mtsikana wina wolondolera anthu, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti mapepala anasiya, anthu sankagulanso, zonse zili pa foni. Ndinawamasulira agogo.

"Nanga anthu azipezana pati?" anafunsa.

Ndinangowakoka kuti tilowe.

Chigawo choyamba anachionera manja opanda kanthu ali pamaondo. Pa nthawi yopuma ndinafuna kupita kuchimbudzi. Ndinadzigwira mpaka pamene sindikanathanso. Ndinawaimika pakhoma pafupi ndi khomo la azimayi. "Imani pompano, agogo. Musasunthe, chonde." Anagwedeza mutu. Mzere unali wautali, ndipo ndinkasuzumira kumbuyo mpaka khoma linawabisa.

Nditatuluka, pakhomapo panali bambo wina wachilendo akudya tchipisi.

Sindidziwa kufotokoza kuzizira kumene kunandilowa, kosiyana ndi kwa mphepo ija. Ndinathamangira ku mipando yathu: inali yopanda anthu. Ndinatsika, ndinakwera, ndinaima pakhomo la chimbudzi cha abambo ndikufuula "Agogo! Agogo!", anthu ovala zofanana akundidutsa ngati madzi osefukira, aliyense maso pa foni yake. Jekete lililonse lakuda linkaoneka lawo mpaka mwini wake atatembenuka. Ndinaganiza za njanji zimene tinadutsa pobwera. Ndinaganiza za nyanja yakuda ija, ndi za munthu amene angafunsidwe dzina m'Chingerezi n'kuyankha ndi vesi la nyimbo. Alonda anali pomwepo ndi mawailesi awo, koma sindinapite kwa iwo, chifukwa ndinkadziwa kuti akangolengeza, nkhani ifika kwa adokotala, ndipo agogo akathera koyang'ana khoma kuja. Kukhala chete kunali kuwataya, kulankhula kunalinso kuwataya.

Kenako wina anagoletsa. Bwalo lonse linabangula, simenti inanjenjemera pansi pa mapazi anga, ndipo ine ndinagwa m'maondo kuseri kwa bini ya zinyalala. Mapemphero onse amene ndinaloweza anathawa. Chimene chinatsala ndi ichi: "Mbusa wabwino, Inu mumadziwa kumene ili nkhosa yanu. Ine sindikudziwa. Ndionetseni."

Kumwamba sikunatseguke. Chimene chinabwera ndi mawu a agogo omwe, apansipansi: bwerani pa wogulitsa mapulogalamu. Mtima wina unanditsutsa nthawi yomweyo kuti wogulitsayo kulibe, ndinaona ndi maso anga, ndipo munthu woiwala malo a ketulo sangakumbuke pangano lakalekale. Komabe ndinadzuka.

Pa chipata mlonda ananditchinga. Anati ndikatuluka sindilowanso, ndipo anafunsa kumene kunali makolo anga. Ndinamuuza kuti agogo anga akundidikira panja pomwepo. Ndinanena chinthu chimene maso anga anali asanachione, ndipo mpaka lero sindinganene ngati chinali chikhulupiriro kapena kuthedwa nzeru. Anandiyang'anitsitsa, n'kunditsegulira, iye n'kutsalira pa chipata akundiyang'anabe.

Kunja kunali pululu, mapepala a zakudya akuuluka ndi mphepo. Ndinakhota pakona ndikupemphera kuti ndisaone chipilala chokhachokha.

Anali pomwepo. Anaima chilili, msana atatsamira simenti, chipewa chitagwa pansi, imvi zikuwuluzika. Mkono wawo wamanja unali m'mwamba, ndipo m'dzanja lopanda golovesi anagwira pulogalamu yakale, yopindika m'makona, imene iyenera kuti inagonera m'thumba la jekete kuyambira chaka chinacho. Mkonowo unkanjenjemera kuyambira paphewa, koma sanautsitse. Patsogolo pawo panali mzungu wina wokalamba, chikwama cha ndalama chili m'manja, akufunsa mtengo mosangalala ngati wapeza m'bale wake.

"Siyogulitsa iyi, achimwene," agogo ankamuuza m'Chichewa. "Ndikudikira mwana."

Ndinawagwera pachifuwa, fungo la bulugamu lija n'kundidzaza mphuno. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono, akubuula.

"Enelesi, wachedwatu. Mkono wachita dzanzi."

Anandiitana dzina la amayi. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti sakuseka. Ine, "akazi awo" aja, anali atandiiwala. Mantha amene ndinkayesa kuti atha anangosintha malo okhala.

"Wogulitsa sanabwere lero," anapitiriza. "Ndiye ndinati, mwanayu akafika apeza ndani? Ndaimapo ine."

Sindinawakonze dzinalo. Ndinatola chipewa, ndinalowetsa zala zawo zouma ngati nkhuni m'jekete langa, tinapita kokwerera basi. Madzulo ndinawauza amayi zonse. Anamvetsera ali chikhalire ndi yunifolomu, kenako anapita kukagwada pambali pa bedi la bambo awo. Ku mpira sitinapitenso. Kunyumba ya okalamba kuja anapitabe patapita nthawi, mdima utakula, ndipo ndinkawatengera katoni ija Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kuwerenga anali atasiya. Ankangotsegula kabuku, kukaika pamphuno, n'kutseka maso.

Masiku ano ndimaphunzitsa Sande sukulu, ndipo nthawi zina ndimatenga ana anga a m'kalasi kukaonera mpira. Matikiti ali pa foni, mayina a osewera ali pa foni, ndipo wogulitsa mapepala sindinamuonenso. Komabe tisanalowe ndimawaimika pa chipilala chija, n'kutulutsa m'jekete pulogalamu yopindika ija, n'kuwauza pangano. Amaseka, n'kundiyankha m'Chingerezi kuti, "Anti, tonse tili ndi mafoni." Ine ndimati foni imatha moto.

Chimene sindiwauza n'chakuti amayi ayamba kundifunsa funso limodzi kawiri, ndipo sabata yatha ndinapeza makiyi awo m'mphika. Mantha aja abweranso, ndipo akudziwa njira ya m'nyumba. Sindipempha Ambuye kuti andilonjeze kuti mdimawo sudzafika kwa ife, pakuti sanalonjeze zimenezo. Ndimangopempha kuti tsiku limene mayina onse adzagwe m'kamwa mwathu, atisiyire chimene anawasiyira agogo: kudziwa poima, ndi mphamvu yosunga mkono m'mwamba mpaka mwana atafika.