Chilimwe cha pa mjigo wa ku Fingoe

Ndowa yanga inali yachitsulo, yopindika pakamwa, pansi pake pomatidwa phula. Amayi anabwera nayo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndipo ndi imene anandipatsa ponditumiza ku sekondale ku Fingoe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mtsikana wa ku Chiputo, wogonera pa internato, nyumba yogona ana asukulu.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinawawa. Zitsime zinauma, tonse tinkadalira mjigo umodzi wa kuseri kwa sukulu. Chitsulo chopopera chinkaotcha m'manja, madzi ake ofunda, onunkha dzimbiri. Ana a eni maloja, ndiye kuti masitolo, ndi a ogula golide ankabwera ndi ndowa zapulasitiki zofiira, n'kuzindandalika kutsogolo kwa zathu, iwo n'kukakhala pamthunzi wa mango kumalukana tsitsi. Opopa tinali ife. Palibe anatilamula. Zinangokhala choncho, ndipo lero ndimaona kuti zimene palibe anazilamula ndi zimene zimavuta kuzizula.

Mtsikana mmodzi mwa ana olemerawo ankanditchula kuti refugiada, wothawa nkhondo, ngakhale ndinabadwira kuno. Tsiku lina masana, mikono italema ndi kupopa, anakankha ndowa yanga ndi phazi, nati ikudetsa mzere. Madzi onse anatayika. Ndinamugwira tsitsi. Tinagubuduzana m'matope, bulauzi yake inang'ambika, mlomo n'kuyamba kukha magazi. Anzanga anakuwa mokondwa, ndipo tsiku limenelo aliyense anadzipopera yekha.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Bambo a mtsikanayo ndiwo anali eni dzenje la golide limene amalume ankakumbamo, ndipo ufa umene ndinkadya unkachokera m'dzenjemo. Amalume anauzidwa kuti asatsikemonso. Aphunzitsi, amene anaona zonse ali pawindo, anangondiuza motsitsa mawu kuti malata a kalasi yathu anakhomedwa ndi bambo omwewo.

Uthenga utafika kumudzi, amayi anabwera pa njinga ya mnansi, fumbi mpaka m'nsidze, tambala ali kunkhwapa. Sanandikalipire. Anandisambitsa kumaso ngati kamwana, n'kunditsogoza ku loja ya makolo a mtsikana uja. Anagwada pakhonde, pa simenti yotentha, ine pambali pawo, amalume ataima kumbuyo chipewa chili m'manja. Mayi a mtsikanayo anakhala pampando akumwa chakumwa chozizira. Anamuyang'ana tambala uja, nati ngwoonda ngati anthu a ku Chiputo.

Amayi anaseka. Anaseka kwambiri, akuwomba m'manja, mpaka mayi aja anakhutira n'kuti nkhani yatha. M'mawa mwake amalume anatsikanso m'dzenje, ine ndinabwerera kukapopera anthu omwe aja.

Koma pochoka pa loja paja, tisanafike n'komwe pamsika, amayi anakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Kenako anati: "Ndatopa, mwana wanga. Undiyembekeze pang'ono."

Ndinaima patali, nditakwiya, osafuna n'kuwayang'ana komwe. Ndinkayesa kuti chipongwe chija chinawaseketsadi, ndipo kutopako ndinkati ndi kwa msewu wa ku Chiputo. Ndinali ndisanadziwe kuti kwa wosauka kusekanso ndi ntchito, ndipo imathyola msana kuposa khasu.